Tafunsani Aphunzitsi: Chizungu chokuluwika chija chimatanthauza chani?

Mwezi uno makalata andichulukira, ndipo ambiri akudandaula chinthu chimodzi, Chizungu chija choti liwu lililonse palokha ukulidziwa bwinobwino koma akangowalumikiza mutu umaima. Ndasankhapo asanu ndi awiri. Ena ndawadula pang'ono poti malo ndi ochepa, eni ake musandikwiyire.

Aphunzitsi, ine ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika waukulu wa Zomba. Mwana wanga wamkazi ali ku Chanco ndipo amapanga nawo zisudzo. Sabata yatha anali ndi sewero ndiye foni anaisiya pa chaja kunyumba, kunalowa meseji yochokera kwa mnzake amene anapita kukaphunzira ku UK yoti "break a leg tonight". Mng'ono wake wa Fomu 2 ndi amene anandimasulira, akuti uthyoke mwendo usiku uno. Aphunzitsi sindinagone, ndinapemphera mpaka mwana anafika ali bwinobwino. Iye akungoseka akuti amayi simungamvetse. Kodi mnzako weniweni angakufunire zoterezi? Ndimuletse kucheza naye?
*Mayi wodandaula, Mpondabwino*

Mayi, mtima m'malo, mwana wanu ali ndi mnzake wabwino ndipo musawalekanitse. Amenewo ndi mafuno abwino, akutanthauza kuti zikuyendere pa siteji, ukawaonetse. Anthu a zisudzo ku Britain ndi ku America ali ndi chikhulupiriro chawo choti ukamuuza munthu poyera kuti "good luck" asanakwere pa siteji ndiye kuti wamuitanira tsoka, nde amatembenuza dala, kunena choipa kuti chabwino chibwere. Nawonso ali ndi zoopa zawo ngati ife tomwe.

Mng'ono wakeyo mawu sanalakwitse ayi, break ndi kuthyola, leg ndi mwendo, mwana akumva sukulu ameneyo. Chamusokoneza nchakuti ichi ndi chining'a, ndipo chining'a sichimasuliridwa liwu ndi liwu. Inuyo mayi mumazilankhula tsiku lonse mumsikamo osazindikira nkomwe. Wokuodetsani akakukwezerani mtengo pa dengu loti theka lake ndi tomato wophwanyika mumati ameneyu akundidyera masuku pamutu, kodi pamutu panupo pamakhala masuku? Mnzanu wa benchi loyandikana akamva kanthu amati tabwera kuno ndikutsine khutu, ndipo inu mumasendera mokondwa, pomwe mzungu wongoyamba kumene Chichewa atamva zimenezo atha kugwira makutu ake onse awiri. Tikati uje akugona pamphepo sitikunena kuti alibe nyumba, tikunena kuti alibe banja. Tikati mwana watsegula m'mimba palibe amafunsa kuti watsegula ndi chani. Zili ngati ndiwo zanu zomwe, tomato, anyezi, mchere ndi mafuta zikalowa mumphika chotulukamo ndi msuzi, simungautchulenso kuti tomato.

Koma mwana wanuyo ndili naye mawu. Mayi wachezera usiku kukupempherera, iwe nkumuseka kuti simungamvetse, ayi zimenezo sizinandisangalatse olo pang'ono. Sukulu akuphunzirayo ikuchokera mu tomato yemweyo. Akanakhala nanu pansi mphindi ziwiri nkukufotokozerani mukanamva, poti mwamva pano. Mumuwerengere yankho ili, ndipo tsiku lina akamadzatuluka pakhomo kupita ku sewero mudzamuuze nokha, break a leg mwanangu.

Aphunzitsi, ndili Fomu 4 ndipo ndikulemba MSCE chaka chino. Mnzanga anandibwereka kope lomwe muli ma idiom oposa 100, akuti ndikaika khumi mu kompozishoni ndiye kuti 1 mu English ndi wanga. Ndaloweza kale 60. Koma ena sindikuwamvetsa, ngati "once in a blue moon", mwezi umakhala wabuluu liti?
*Mnyamata wa ku Chinamwali*

Mphwanga, khama lako ndaliyamikira, ndipo sukulakwa kuchiopa Chingerezi poti ukudziwa kuti olo utakhoza bwanji maphunziro enawo, ukagwa English, a MANEB omwe tili nawo pa Zomba pompanowa satifiketi ya MSCE sakupatsa. Koma nzeru ya mnzakoyo isiye.

Zaka zomwe ndinagwira choko ndinachonga makompozishoni osawerengeka oyamba mofanana ngati analembera pamodzi. Mwana wadzuka "at the crack of dawn", kunja kuli "raining cats and dogs", wathamanga "as fast as my legs could carry me", wafika "in the twinkling of an eye", ndime yoyamba isanathe zining'a zinayi zapita koma nkhani yake sinayambe, ndipo ukafika kope la nambala 40 lonena zomwezo maso amalemera. Ndimakumbukira mtsikana wina wa Fomu 3, wofatsa, wochokera kumunsi uku cha ku Chilwa, amene analemba za usiku womwe madzi analowa m'mudzi mwawo. Chingerezi chake chinali chosavuta, anangofotokoza mmene agogo ake anasenzera thumba la chimanga madzi ali m'chiuno, mmene nkhuku zinakwerera padenga la khitchini, ndi mmene iye anagwirira makope ake mu jumbo pamwamba pa mutu. Chining'a chinali chimodzi chokha, chakumapeto, pomwe anati banja lawo linayambanso "from scratch", kutanthauza kuyambira pansi opanda kalikonse. Chinakhala pamalo pake ndipo chinandigwira mtima. Ndi iye anaposa onse tsiku limenelo.

Dziwanso kuti zining'a zimakalamba. Za mvula ya amphaka ndi agaluyo zimapezeka kale mu buku la Jonathan Swift la mu 1738, ndipo masiku ano munthu wa ku London mvula ikamakhuthuka ngati mmene imachitira kuphiri kuno mu Januwale, kawirikawiri amangoti "it's pouring". Ndiye sikuti ukalemba cats and dogs walemba Chizungu chapamwamba.

China, chining'a sichilola kuchisintha. Ukati "raining dogs and cats" walakwa, ukati "kill two birds with one rock" walakwa olo rock ndi stone zonse ndi mwala. Tayesa kuuza agogo ako kuti mutu umodzi sunyamula tsindwi uone mmene akuyang'anire, tanthauzo ndi lomwelo koma mwambi wake ndi mutu umodzi susenza denga, basi. Apa ndi pamene kuloweza 60 mothamanga kumagwetsa anthu, mu mayeso mantha akakugwira umasakaniza mutu wa ichi ndi mchira wa icho.

Chita izi. Kope lakelo mubwezere, iwe tsegula lako. Ukakumana ndi chining'a mu nyuzipepala kaya mu buku la literature, koperamo chiganizo chonse mmene chilili, osati chining'a chokha, kuti uone kuti walankhula ndani, kwa ndani, ali wokwiya kapena akucheza. Kenako fufuza mu dikishonale. Oxford Advanced Learner's yomwe imapezeka m'malaibulale ambiri a sukulu imaika zining'a kumunsi kwa liwu, pomwe alembapo IDM, yamba ndi liwu loyamba lolemera ngati "kill", ukapanda kupeza pita pa "bird". Khumi zozidziwa bwino zikukwanira.

Za mwezi wabuluuwo, mtundu susintha ayi. Mwezi wakumwamba umatenga masiku 29 ndi theka kuti ukhalenso wathunthu, pomwe miyezi ya pa kalendala imakhala ndi masiku 30 kapena 31 kupatula Febuluwale, ndiye nthawi zina zimachitika kuti mwezi umodzi wa pa kalendala waona mwezi wathunthu kawiri. Wachiwiriyo ndi amene amamutcha blue moon, ndipo zimachitika kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu. Ndiye chining'acho chimanena chinthu chochitika mwa kamodzikamodzi kwambiri, ngati malume a ku Joni amene amabwera kumudzi mwana amene anamusiya akukwawa atayamba sukulu.

Aphunzitsi, ndimagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina mtauni muno. Abwana anandiitana nkundiuza kuti ku Lilongwe kwapezeka malo okwererapo, kenako anati "sleep on it, the ball is in your court". Ine ndinangoti yes sir. Kunena zoona liwu loti court linandiopsa, ndinkaona ngati pali za kukhoti. Ndinadikira masabata awiri kuti andiitananso, mapeto ake malo aja apatsa wina, akuti ine sindinayankhe. Ndalakwa ndine kapena iwo?
*Kalaliki, Matawale*

Achimwene pepani kwambiri, kalata yanu yandiwawa, chifukwa apa chining'a chakudyerani ndalama zenizeni. "Sleep on it" ndi kuti kaganizireni usiku uno mudzandiyankhe mawa, monga timanenera kuti tigone kaye tione kukacha. Court yomwe ankanenayo si khoti la milandu, ndi bwalo la tenisi, lija lokhala ndi neti pakati. Mpira ukagwera mbali yako palibe wina angaumenye koma iwe. Ndiye abwana anu ankati mbali yanga ndathana nayo, zatsala kwa inu. Iwo ankadikira inu, inu mukudikira iwo.

Mwafunsa kuti walakwa ndani, ndikuyankhani mosapsatira. Bwana wanzeru nkhani yaikulu ngati imeneyi saikulunga, amati ndiyankheni pofika Lachisanu, ndipo akaona masiku akupita amafunsa. Pamenepo anaperewera. Koma inunso yes sir uja anakupwetekani. Ndikudziwa chimene chimatigwira pakamwa, kuno kwathu munthu akaonetsa kuti liwu lina la Chizungu sanalimve amaoneka ngati sukulu sanapite, ndiye timagwedeza mutu mtima uli phaphapha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna achimwene. Ngakhale azungu okhaokha amafunsana, wa ku America ndi wa ku Britain samvana zonse. Chitsanzo chake nachi, ku Britain ndi kuno kwathu, kuphatikizapo nyumba ya malamulo yomwe kale inkakumana konkuno ku Zomba, "to table" nkhani ndi kuibweretsa kuti ikambidwe, pomwe ku America "to table" ndi kuiika pambali kuti isakambidwe kaye. Liwu limodzi, matanthauzo otsutsana. Inu amene mumagwira m'mabungwe a abwana ochokera maiko osiyanasiyana samalani pamenepo.

Pali kafunsidwe koti simuoneka wotsalira. Mumangobwereza zomwe mwamva m'mawu anu, "Just to be sure sir, you want my answer tomorrow?" Akati eya mwapulumuka, akati ayi akukonzani pomwepo, ndipo bwana amaona kuti ndinu munthu wosamala.

Zina zomwe muzikumana nazo mu ofesi, zambiri ndi zochokera ku masewero. "Move the goalposts" ife a mpira sitivutika nayo, ndi kusintha malamulo zinthu zili mkati. "Throw in the towel" ndi ya nkhonya, wothandizira akaona kuti munthu wake akuphedwa amaponya thaulo mu ring'i, ndiye ndi kugonja. "Touch base" ndi ya baseball ya ku America, kungolankhulana mwachidule. "Cut corners" ndi kugwira ntchito mwachidule mozemba zofunika. "Call it a day" ndi tiweruke. "Red tape" ndi ija mumaidziwa bwino inu a m'maofesi, fomu iyi isainidwe uku, idindidwe uko, bwerani mawa, ndipo dzinalo linachokera ku kansalu kofiira komwe ankamangira mafailo a boma ku Britain.

Abwanawo apiteni, muwauze zoona zake kuti simunamve ndipo malowo munkawafuna. Mwina pena padzatseguka.

Aphunzitsi, ndine mkulu wa mpingo, zaka zanga ndi 67. Chizungu ndimamva chapakatikati. Pa wailesi ndimamva akuti "the writing is on the wall" akamanena za kochi wa timu yomwe ikungoluza, pena akuti "at the eleventh hour". Mdzukulu wanga akuti ndi 11 koloko ya usiku. Nanga khoma lake ndi liti?
*Mkulu wa mpingo, Domasi*

Bambo, funso lanu landikondweretsa kuposa onse, chifukwa mayankho ake muli nawo kale m'chikwama chomwe mumanyamula Lamulungu lililonse. Zining'a zambiri za Chingerezi zinatuluka m'Baibulo, makamaka lija la King James la mu 1611 lomwe linawerengedwa m'matchalitchi ndi m'makomo a ku England kwa zaka mazana mpaka mawu ake analowa m'kalankhulidwe ka anthu, ngati mmene Buku Lopatulika la mu 1922 linalowera m'kamwa mwathu, moti olo munthu wosapemphera amati ndasamba m'manja osadziwa kuti akutsanzira Pilato pa Mateyu 27:24. Azungu nawo amati "I wash my hands of it", gwero ndi lomwelo.

Khoma mukufunsalo tsegulani Danieli 5. Mfumu Belisazara yakonza phwando, akumwera m'zikho zomwe zinalandidwa ku kachisi wa ku Yerusalemu, mwadzidzidzi zala za munthu zikuoneka zikulemba pakhoma, mfumu nkhope yasintha mawondo akuombana, Danieli akumasulira kuti mwayesedwa pa sikelo ndipo mwaperewera, usiku womwewo mfumu ikuphedwa. Ndiye akati kwa kochi uja "the writing is on the wall" akunena kuti zizindikiro zaoneka kale, ntchito yatha, changotsala ndi kalata.

Za ola la 11 mdzukulu wanu waphonya. Ndi fanizo la antchito a m'munda wa mpesa pa Mateyu 20. Ayuda ankawerenga maola a usana kuyambira kutuluka kwa dzuwa, cha m'ma 6 m'mawa, ndiye ola la 11 ndi cha m'ma 5 madzulo, kutatsala ola limodzi kuti aganyu aweruke, ndipo mwini munda analembabe ena nthawi imeneyo nkuwalipira mofanana ndi omwe anagwira tambala pakamwa. "At the eleventh hour" ndi chinthu chochitika nthawi itatsala pang'ono kutheratu, ngati fizi yopezeka dzulo lake la mayeso.

Ndipitirize pang'ono poti apa mpokoma. "Scapegoat", munthu amene amusenzetsa mlandu wa gulu lonse, ndi mbuzi ya pa Levitiko 16 yomwe Aroni ankaisanjika manja pamutu nkuululirapo machimo a Aisraeli onse kenako nkuipirikitsira kuchipululu, ndipo liwulo analipanga ndi William Tyndale pomasulira mabuku a Mose mu 1530. "Go the extra mile", kuchita zoposa zomwe wapemphedwa, ndi Mateyu 5:41, nthawi yomwe msilikali wa Roma ankatha kukukakamiza kumunyamulira katundu mtunda umodzi, Yesu nkuti pita naye iwiri. "By the skin of my teeth" ndi Yobu 19:20, ife timati ndapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. "A drop in the bucket", kanthu kochepetsetsa poyerekeza ndi chosowacho, ndi Yesaya 40:15. "A leopard cannot change its spots" ndi Yeremiya 13:23, kambuku ndi mawanga ake. "A wolf in sheep's clothing" Mateyu 7:15, "the blind leading the blind" Mateyu 15:14. Mukuona bambo, mwana wa ku yunivesite atha kuzilankhula zonsezi osadziwa kumene zinachokera, inu nkhani zake mwalalikirapo kangati? Mukamva chining'a chachilendo pa wailesi muziyamba mwadzifunsa ngati simunachione m'Malemba. Ndipo mdzukuluyo mukhale naye pansi ndi Mabaibulo awiri, la Chichewa ndi la Chingerezi, mutsegule ndime zomwezi, nonse awiri mupindula.

Aphunzitsi, ndimagwira ntchito pa loji ina kuphiri kuno, abwana ndi mzungu. Malume anga amene anandilera atamwalira ndinalemba meseji yopempha tchuthi, ndinati "my uncle has kicked the bucket" poti ndinaiona mu buku kuti ndi kumwalira. Anandilola koma anandiyang'ana modabwa, ndipo mnzanga akuti ndinawanyoza malume. Zoona?
*Mphwake wa malemu, Chikanda*

Pepa ndi maliro mphwanga, munthu amene anakulera ndi kholo. Malume ako sunawanyoze, mtima wako unali woyera, buku lija ndi lomwe linakupatsa theka la nkhani. Tanthauzo ndi kufa inde, koma ndi mawu a nthabwala, a pa bawo kaya pa mowa, osayenera pamaliro a munthu amene umamukonda. Ife tomwe tili ndi masitepe ake. Nkhuku imafa, munthu amamwalira, ndipo ukamakauza mayi ako aang'ono uthenga sunena nkomwe kuti amwalira, umati malume atisiya, kapena atsamira mkono, mawu ukuwatsitsa. Chizungu nachonso chimodzimodzi, aulemu ndi "passed away" kapena "we have lost my uncle", ndipo olo kungoti "my uncle died last night" kulibe vuto lililonse. Ichi ndi chomwe mndandanda wa zining'a suuza munthu, umakupatsa tanthauzo osakuuza malo ake. Mu dikishonale yabwino pambali pa chining'a amalembapo informal, humorous, kapena offensive, timawu timeneto usamatidumphe.

Poti uli ndi abwana achizungu ndikutsine khutu pa china. Kuno timati "my father is late" kutanthauza kuti bambo anamwalira, ndipo Mmalawi aliyense amamva, koma mzungu amamva kuti bambo achedwa, atha kukufunsa kuti afika nthawi yanji. Chawo ndi "my late father", late amabwera kutsogolo. Momwemonso "I am coming" uku ukutuluka pakhomo, ndi ndikubwera wathu uja tamuveka Chizungu, iwo amati "I'll be right back". Ndipo mlendo akapunthwa pa sitepe iwe nkuti "sorry", ena amayankha kuti si vuto lako, poti kwa iwo sorry nthawi zambiri ndi kuvomera kulakwa. Ameneyo yekha ine ndimati usamusiye. Pepani wathu ndi chinthu chokongola, munthu kumva ululu wa mnzake, ndipo alendo ambiri akakhalitsa amamutengera.

Aphunzitsi, ndine wakabaza, nkhani ndimamvera pa foni podikira makasitomala. Ndimamva akuti chitukuko chakuti ndi "white elephant", pena ndalama zabedwa akuti ndi "tip of the iceberg". Njovu ndinaziona ku Liwonde, yoyera sindinaionepo.
*Wakabaza, Three Miles*

Achimwene, njovu zoyererako zimapezeka ku Asia, ndipo ku Thailand, dziko lomwe mpaka 1939 linkatchedwa Siam, zinali zopatulika, za mfumu, zosaloledwa kugwira ntchito. Nkhani yomwe imakambidwa ndi yoti mfumu ikafuna kukhaulitsa nduna inkaipatsa njovu yotere ngati mphatso, kukana sungakane, kugulitsa sungagulitse, kuigwiritsa ntchito nkosaloledwa, koma idye tsiku ndi tsiku mpaka chuma chako chithe. Ndiye white elephant ndi chinthu chodya ndalama zambiri chopanda phindu, chinyumba chomangidwa ndi mamiliyoni chomwe mukungogona mileme koma mlonda akulipidwa. Musaisokoneze ndi "the elephant in the room", imeneyo ndi nkhani yaikulu yoti aliyense pa msonkhano akuidziwa koma palibe akufuna kuiyamba.

Iceberg ndi chiphiri cha madzi oundana choyandama m'nyanja zozizira, ngati chomwe chinamiza sitima ya Titanic mu 1912. Chomwe chimaoneka pamwamba ndi kansonga chabe, pafupifupi magawo 9 mwa 10 amakhala pansi pa madzi. Inu amene munafika ku Liwonde ganizirani mvuu mu Shire, mumangoona timakutu ndi mphuno, chinyama chonse chili pansi. Ndiye akati ndalama zomwe zadziwikazo ndi tip of the iceberg, akuti awa ndi makutu a mvuu chabe.

Apa ndidandauleko pang'ono za anzathu omasulira nkhani. Ndamvapo pa wailesi munthu akuti mpira uli m'bwalo la boma, wina akuti tisalire mkaka wotayika. Agogo akumudzi amva chani pamenepo? Chikhalirecho tili ndi zathu zokhwima kale. "No use crying over spilt milk" ndi madzi akatayika saoleka. "All that glitters is not gold" ndi chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere, ndipo kwa ine yathuyi ndi yoposa, chifukwa golide ambirife sitinamugwirepo koma nkhuyu tonse tinaibanthulapo nkupeza zomwe zili mkatimo. "A bird in the hand is worth two in the bush" ndi fodya wako ndi amene ali pamphuno. Womasulira asamathamangire mawu, ayambe wafunsa kuti mzunguyu akufuna kunena chani, kenako afunse kuti agogo anga akananena bwanji.

Aphunzitsi, chinkhoswe tinapanga chaka chatha, ukwati ndi wa mu Ogasiti. Mchemwali wa bwenzi langa wandilembera kuti "talk to him, I think he is getting cold feet". Poyamba ndinkaona ngati akunena za kuzizira kwa Juni kuno, koma mtima sukundikhazikika.
*Mtsikana wa ku Sadzi*

Mwanawe, mtima wako wakuuza zoona, si za chiperoni izi. "Cold feet" ndi mantha omwe amamugwira munthu chinthu chachikulu chomwe anavomera kale chikayandikira, amayamba kukayika, kubwerera m'mbuyo. Koma mvetsetsa, mawuwa sakunena kuti ali ndi wina, sakunenanso kuti chikondi chatha. Anyamata ambiri amagwidwa nazo akayamba kuwerengera za holo, zovala, chakudya cha anthu mazana ndi lendi ya nyumba yokalowamo, ndipo poti anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira amangokhala duu, foni osayankha bwino. Mlamu wakoyo wakuchitira zabwino, ndipo taona kuti wati "I think", ndi maganizo ake, sanamve kuchokera kwa mwini wake.

Usamufunse pa meseji, usamufunsenso pali anzake. Mupeze awiriwiri, olo kokayenda ku damu la Mulunguzi Loweruka masana, umuuze kuti ukuona ngati pali chomwe chikumulemera ndipo ukufuna uchimve kuchokera kwa iye. Akayamba kulankhula usamudule. Ikakhala nkhani ya ndalama, ukwati umachepetsedwa, anthu 80 m'malo mwa 300 ndi ukwati ndithu. Akakhala kuti akungozungulira osatchula chenicheni, auze ankhoswe ako sabata yomweyo akumane ndi a kuchimuna, ndipo ndalama ya holo musaperekeretu mpaka ankhoswewo atabwera ndi yankho.